Mmene Yotamu wa Kabaza Anakhalira Woyembekezera

Dziko la Tcherakhutu musavutike n'kulifuna pa mapu, chifukwa ojambula mapu anauzidwa kuti malire a dzikolo ndi chinsinsi cha boma. Ndicho chinsinsi chokha chimene chinali chitatsala m'dzikomo. Zina zonse, kuyambira ndiwo zimene munthu wadyera mpaka nyimbo imene amaimba posamba, zinali m'manja mwa Mfumu Kasuzumire Wachitatu, amene ankakonda anthu ake kwambiri moti mtima sunkakhala m'malo akapanda kudziwa zimene akuchita.

Agogo ake a mfumuyi ankatuma akazitape kukabisala kuseri kwa mabafa. Bambo ake ankamatula makalata a anthu ndi nthunzi ya ketulo. Koma Kasuzumire Wachitatu anali mfumu yamakono, yosafuna kuti antchito ake azilumidwa ndi udzudzu kuseri kwa nyumba za eni. Iye anagula chimakina chachikulu kunja, anachitcha Chimvazonse, n'kuchimangira nyumba yakeyake ku likulu la Suzumira. Chimakinacho chinali ndi vuto lotentha thupi, choncho magetsi onse a m'dzikomo ankapita kukachikupiza. Anthu ankaphikira makala ndi kuyatsa makandulo, koma wailesi inkawakumbutsa kuti azinyadira chifukwa Chimvazonse chikupuma bwino.

Woyang'anira chimakinacho anali a Lengezani, nduna ya Unduna Wosungira Anthu Zinsinsi, bambo wamfupi wokonda masuti onyezimira. A Lengezani anafotokozera mtundu wonse kuti chinsinsi chili ngati chimanga, ukachisunga wekha m'nyumba chimafumbwa, ndipo n'chifukwa chake boma laganiza zosungira aliyense mwaulere. Zinali zosavuta. Munthu ankangoika kapulogalamu kotchedwa Ndiuze pa foni yake, n'kulandira bandulo yaulere mwezi ndi mwezi. Mawu ofotokoza zimene munthu akuvomereza anali aatali kwambiri, moti mphunzitsi wina amene anayesa kuwawerenga onse anapuma pa ntchito asanafike pakati. Batani lolembedwa kuti Ndavomera linali lalikulu ngati chitumbuwa. Lolembedwa kuti Ndakana linalipo ndithu, boma silinkakakamiza munthu, kungoti linali laling'ono ndipo linkathawa chala chikamayandikira.

Ndiye poti chinthu chosungidwa chimafunika kuchiyanika nthawi zina, m'mawa uliwonse Unduna unkaulutsa Nkhani Zosangalatsa za Anthu Athu pa zimkuzamawu zimene zinapachikidwa m'misika yonse. A Lengezani analonjeza kuti palibe amene adzachite manyazi, chifukwa chimakinacho chinabwera ndi luso lamakono lobisa mayina. Ndipo mayina ankabisidwadi. Tsiku lina pa msika wa Nong'onezani anthu anamva kuti mayi wina amene dzina lake labisidwa, wogulitsa tomato pafupi ndi mjigo, wa dzino lagolide, wakhala akufunsa foni yake za mankhwala a nsikidzi, ndipo Unduna ukumufunira zabwino zonse. Mayi Nasibeko anapitiriza kupanga milu ya tomato wawo atatseka pakamwa kuti dzino lisaoneke.

Pa msika womwewo, pansi pa mtengo wa mkesha, panali siteji ya akabaza, ndipo mmodzi mwa iwo anali Yotamu Chabwera. Anali munthu wa dazi, wamsinkhu wapakati, wa njinga yofiira yopanda belu, moti akafuna kuti anthu apatuke ankangokhosomola mwamphamvu. Ankakhala kuseri kwa chigayo ndi mkazi wake Nachisale. M'nyumba mwawo munali foni imodzi, monga zinalili m'nyumba zambiri za ku Tcherakhutu, ndipo inalembetsedwa m'dzina la bambo. Masana Yotamu akabwera kudzadya ankaisiya pa mpando, Nachisale n'kumaigwiritsa ntchito mwamuna wake akugona pang'ono pakhonde.

M'nyumbamo munali chisoni chimene chimakina cha mfumu sichinkachidziwa, poti chinayamba foni isanagulidwe. Kawiri konse Nachisale anakhala ndi pathupi, ndipo kawiri konse anapita padera. Ulendo woyamba nkhani inathamanga ndi apongozi ake mpaka kumvano wa amayi. Ulendo wachiwiri anaithamangitsa ndi Yotamu yemwe, amene chimwemwe chinamuyabwa pakamwa n'kuuza siteji yonse. Kwawoko pathupi sipalengezedwa, pamasiyidwa kuti paoneke pokha nthawi yake ikakwana, ndipo ngakhale opaona sanena kanthu. Ena amati n'kuopa anthu a maso oipa, ena amati ndi ulemu chabe. Nachisale sankatsutsana ndi mbali iliyonse. Chimene iye ankachidziwa n'chakuti palibe chowawa ngati kudutsa pamsika uli chimanjamanja, anthu amene anakuyamikira dzana akusowa poyang'ana.

Choncho atazindikira kuti zachitikanso kachitatu, anadikira Yotamu amalize kudya, n'kumugwira dzanja.

"A Chabwera, ulendo uno pakamwa panu mutseke. Asamve munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale amayi anu. Mwanayu adzadzilengeza yekha akadzalira."

Yotamu analumbira, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. Kwa milungu ingapo anayenda ndi nkhaniyo m'chifuwa osaitaya ngakhale kadontho. Koma masana aja, iye akuliza mkonono pakhonde, Nachisale ankafunsa foni tinthu tina ndi tina. Ankafunsa chifukwa chake akulakalaka dothi la pachulu, ngati nseru ya m'mawa imatha, ndiponso ngati mango osapsa othira mchere ali ndi vuto. Ankafunsa foni chifukwa ankaona kuti foni ilibe pakamwa.

M'mawa wina Yotamu akupopa tayala pa siteji, chimkuzamawu chinakhosomola n'kuyamba nkhani za tsikulo. Chinanena za mdala wina amene amadaya ndevu, n'kunena za mtsikana wina amene amaimbira foni anyamata awiri. Kenaka chinati bambo wina amene dzina lake labisidwa mwaluso, wa kabaza, wa dazi, wa njinga yofiira yopanda belu, wokhala kuseri kwa chigayo, ndi woyembekezera, pathupi pake ndi pa miyezi itatu, ndipo Unduna ukumufunira zabwino zonse.

Msika wonse unati zii. Pampu inamugwa Yotamu m'manja. A Gwaza, tcheyamani wa siteji, munthu wamkulu thupi amene sankaseka nthabwala zake zomwe, anadzuka pa benchi, anapukuta fumbi ndi chipewa, n'kuuza Yotamu kuti akhale pansi chifukwa munthu wa pakati saima nthawi yaitali. Apo ndiye msika unaphulika ndi phwete, mpaka ogulitsa usipa anagwetsa mbale.

Dzuwa lisanafike pamutu, galimoto ya kunyumba ya mfumu inali itamutenga. Anamulowetsa m'bwalo lalikulu mmene nduna zonse zinakhala mondondozana, mfumu ili pampando wake ndi mafoni atatu pamiyendo. Nkhani inali itavuta kale. Nduna ya Zaumoyo inali itanena motsitsa mawu kuti m'mabuku amene inawerenga, mwamuna satenga pathupi. A Lengezani anayankha kuti mabukuwo analembedwa Chimvazonse chisanabwere, komanso kuti chimakinacho sichingalakwitse, poti pali lamulo lochiletsa kulakwitsa ndipo sichinaphwanyepo lamulo. Nduna ya Zaumoyo inaganizira za galimoto yake ya boma n'kuvomereza kuti mabuku amakalamba.

Komabe a Lengezani, pofuna kuonetsa kuti boma limamva mbali zonse, anauza Yotamu kuti njira zilipo ziwiri. Mwina ndi woyembekezeradi, monga chanenera chimakina. Apo ayi, ndiye kuti anabwereka munthu wina foni yake, umene ndi mlandu wosokoneza makina a mfumu. Mlanduwo, iwo anati, si woopsa. Chilango chake n'kusesa pabwalo la mfumu kwa masiku ochepa basi. Chofunika n'kungotchula amene anagwira foniyo, kuti uthenga wa mafuno abwino upite kwa mwini wake weniweni kudzera pa zimkuzamawu za m'misika yonse. Dzina, anawonjezera, lidzabisidwa mwaluso monga mwa nthawi zonse.

Yotamu sankaopa tsache. Akanatha kusesa likulu lonse mpaka kumalire achinsinsi aja. Koma m'makutu mwake anamva kale chimkuzamawu chikunena za mayi wina wa kuseri kwa chigayo, mkazi wa wakabaza wa dazi. Anamuona Nachisale akudutsa pamsika, maso a anthu onse ali pamimba pake, akuwerengera naye miyezi. Anachita mantha, ndipo anamumvera mkazi wake chisoni. Anagwada bwinobwino.

"Chimakina sichinaname, mfumu. Ndine woyembekezera."

Mfumu inaweramira kutsogolo, foni imodzi n'kugwa pansi. Inafunsa ngati akumva nseru. Yotamu anati m'mawa mokha. Inafunsa ngati amalakalaka dothi. Yotamu anati la pachulu, makamaka mvula ikangowaza. Kenaka mfumu inafunsa funso limene nduna zonse zinkalifuna koma zinkachita nalo manyazi, lakuti mwini wake wa pathupipo ndani.

"Ndine ndemwe, mfumu," anatero Yotamu, ndipo pa zonse zimene ananena tsikulo, apa pokha sanachite thukuta.

Mfumu Kasuzumire inasangalala koopsa. Inati mafumu ena amamanga milatho ndi misewu, koma ndi ufumu uti umene mwamuna anatengapo pathupi? Pomwepo inalamula kuti tsikulo likhale la tchuthi chaka chilichonse, kuti Yotamu azitchedwa Woyembekezera wa Mfumu, kuti asakwerenso njinga kufikira atachira, ndiponso kuti azipita kusikelo mosadumphitsa. Nduna ya Zomangamanga inapempha chilolezo choumba chipilala chake, koma inauzidwa kuti idikire mimba ikule kuti simenti isawonongeke pachabe.

Yotamu atafika kunyumba n'kufotokoza, Nachisale anaseka mpaka kugwira khoma. Yotamu anali asanamumve akuseka chotero kwa zaka. Atatha kuseka analira, ndipo atatha kulira anatenga singano n'kusoka kapilo ka nsanza kokhala ndi zingwe zomangira kumsana. Kuyambira pamenepo mimba ziwiri zinkakula m'nyumbamo mofanana, chifukwa mwezi uliwonse Nachisale ankadziyeza ndi chingwe n'kuwonjezera nsanza m'pilo wa mwamuna wake. Iye mwini anasiya kupita kumsika. Ofunsa ankauzidwa kuti akusamalira bambo, poti pathupi poyamba pamavuta. Njinga yofiira ija anzake a pa siteji ankaipalasa mosinthana, madzulo n'kumubweretsera zimene yapeza.

Tsiku la sikelo Yotamu ankakhala pa benchi pakati pa amayi, dazi likuwala, chitenje atamanga pamwamba pa buluku. Amayiwo anamulandira ndi manja awiri, ndipo atamva kuti ali ndi mawu a besi anamuika kukhala woyambitsa nyimbo za kadyedwe koyenera. Namwino wa pamenepo, Mayi Nankhoma, anali munthu wa nkhope yosasintha ngati ya pa chiphaso. Anamugoneka pa bedi, anadina pilo uja mbali zonse, anaikapo khutu n'kumvetsera kwa nthawi ndithu. Kenaka anayamba kufunsa ngati miyendo ikutupa, ngati mutu ukupweteka, ngati mwana akusuntha. Yotamu ankayankha zonse molondola, poti asananyamuke ankakhala atafunsa kunyumba. Mapiritsi owonjezera magazi, neti ndi ufa wa phala zimene ankalandira zinkafika kwa mwini wake tsiku lomwelo.

Ulendo wachiwiri Mayi Nankhoma ananena kuti Woyembekezera wa Mfumu ayenera kuyenderedwa kunyumba, kuti aone ngati neti yamangidwa bwino. Anabwera ndi chikwama chawo chonse. Anamuuza Yotamu kuti akhale panja apitidwe mphepo, iwo n'kulowa kuchipinda ndi Nachisale, kumene anakayendera netiyo kwa nthawi yaitali kwambiri. Potuluka anaima pakhomo akutseka chikwama.

"Mwana wanu wagona bwino, bambo Chabwera, mtima ukugunda bwinonso. Muzidya masamba ambiri. Akazi anunso azidya nawo, kuti musamadye nokha."

Neti ija anapitiriza kudzaiyendera mwezi ndi mwezi. Yotamu anaona kuti namwinoyu ndi wakhama pa nkhani ya malungo, ndipo anayamba kudzitama mumtima kuti wapusitsa dziko lonse, kuphatikizapo anthu a chipatala. Anaphunzira kuyenda atagwira m'chiuno, kukhala pansi mobuula, ndi kulavula malovu mwaulemu. Akamadutsa pamsika Mayi Nasibeko a dzino lagolide ankamuninkha tomato ndi bonongwe, amvekere n'za mwanayo, ndipo Yotamu ankaseka chamumtima poona mmene anthu amakhulupirira msanga zinthu.

Zinthu zinasokonekera pathupi patafika miyezi isanu ndi iwiri. Mfumu inalengeza kuti yaitana madokotala akunja, akazembe ndi atolankhani, kuti kumapeto kwa mwezi adzaone chozizwitsa ndi maso awo. Woyembekezera wa Mfumu adzaunikidwa ndi makina oona m'mimba pa bwalo la masewero, chithunzi cha mwanayo n'kuonetsedwa pa chinsalu chachikulu. Yotamu atamva, anagwira pilo wake. Ankadziwa chimene chidzaoneke pa chinsalupo: malaya ake akale a sukulu ndi zidutswa za diresi ya Nachisale. Ndipo akadzapeza nsanza, asilikali adzapita kuseri kwa chigayo kukafuna mimba yeniyeni, atolankhani ali pambuyo.

Tsiku limenelo anakhala pa benchi ya siteji, manja ali pa pilo. A Gwaza anakhala pambali pake akusenda nzimbe. Patapita nthawi anafunsa, ngati munthu wongofuna kucheza, kuti kodi poyamba paja anaifunsa chiyani foni kuti chimakina chimuzindikire. Yotamu anayankha mosalabadira kuti za dothi, za nseru ndi za mango osapsa. A Gwaza anagwedeza mutu, anatulutsa foni yawo yomanga ndi mphira, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja.

M'mawa mwake chimkuzamawu chinalengeza kuti bambo wina wonenepa, dzina labisidwa, tcheyamani wa siteji ya pansi pa mkesha, ndi woyembekezera. Tsiku lotsatira chinalengeza akabaza onse a pa sitejiyo. Kenaka anatsatira ogulitsa nyama, okhoma zidebe, osoka nsapato, mlonda wa chigayo, ndi mdala uja wodaya ndevu, amene anali ndi zidzukulu kale. Nkhaniyo inadumphira m'misika ina. Pofika sabata yachiwiri Nkhani Zosangalatsa zinkayamba m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka, wowerenga atasasa mawu, ndipo m'misewu ya Tcherakhutu munadzaza amuna oyenda atagwira m'chiuno. Kusikelo amayi anayamba kusowa pokhala.

Yotamu zimenezi zinamunyansa. Anauza Nachisale kuti anthu a dziko lino ndi ansanje, aona iye akulandira neti ndi ufa wa phala basi aliyense wafuna pathupi. Anadandaulanso kuti ambiri sakudziwa n'komwe kumanga pilo, ena mimba ili pachifuwa, ena ili pambali. Nachisale anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Anangomuuza kuti asendeze mpando aikepo miyendo.

Kenaka kunabwera m'mawa umene anthu a ku Nong'onezani amaukumbukirabe. Wowerenga nkhani, amene ankangowerenga chilichonse chimene chimakina chalavula, analengeza kuti bambo wina amene dzina lake labisidwa mwaluso, wamfupi, wa masuti onyezimira, nduna ya unduna uno, amene foni yake imakaswera ku nyumba ina ya geti yobiriwira Lachisanu lililonse, nayenso ndi woyembekezera. Unduna unamufunira zabwino zonse. Akazi awo a a Lengezani anali pamsika pomwepo akugula nsomba, ndipo geti ya kunyumba kwawo inali yakuda.

Bwalo la mfumu linakumana mwadzidzidzi. Mfumu, imene inkakonda chilungamo chikakhala chosangalatsa, inakumbutsa a Lengezani za njira ziwiri zija: atchule amene anagwira foni yawo, apo ayi avomere. A Lengezani anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, anayang'ana pa khomo pamene akazi awo anaima ndi jumbo ya nsomba. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti masiku apitawa akhala akumva nseru.

Sikelo yotsatira Yotamu anapeza nduna ya masuti onyezimira ija itakhala pa benchi, khushoni ya sofa ili m'kati mwa suti, makona ake anayi akuonekera. Anakhala moyandikana mpaka nyimbo yoyamba itatha. Ndiye nduna inaweramira kwa iye.

"Achimwene, kodi chimatentha chonchi nthawi zonse?"

"Mwalakwitsa poika ya siponji, bwana. Nsanza zimapitako mphepo."

Nduna inathokoza. Kenaka, thukuta likutsika, inanena ngati ikudziyankhulira yokha kuti chimakina chija chimalowerera kwambiri nkhani za eni.

Madokotala akunja anafika pa tsiku lake n'kupeza bwalo la masewero litadzaza ndi amuna a mimba, ena atakhala pa mikeka, ena akudya dothi pofuna kutsimikiza. Anafunsa kuti ayambire pati. Apa m'pamene mfumu inaona vuto limene inali isanaliganizire. Mwa amuna onsewo, mmodzi yekha akapezeka ndi pilo ndiye kuti Chimvazonse chalakwitsa, ndipo chikalakwitsa ndiye kuti chaphwanya lamulo, ndipo chikaphwanya lamulo chiyenera kumangidwa, chonsecho ndende ya ku Suzumira inalibe chitseko chachikulu choti n'kuchilowetsera. A Lengezani, atagwira khushoni yawo kuti isagwe, ananong'oneza mfumu kwa nthawi yaitali.

Mfumu inaimirira n'kulengeza lamulo latsopano. Inati pathupi pa mwamuna wa ku Tcherakhutu ndi chuma cha dziko, choncho ndi chinsinsi cha boma, chosayenera kuunikidwa, kujambulidwa, kapena kutchulidwa pa chimkuzamawu. Ndipo poti chimakina sichinkatha kusiyanitsa chala cha mwamuna ndi cha mkazi, chinalamulidwa kutseka pakamwa pa nkhani zonse za pathupi, za aliyense. Madokotala anapatsidwa nkhuku imodziimodzi n'kuperekezedwa ku ndege. Umu ndi mmene dziko la Tcherakhutu linakhalira ndi zinsinsi ziwiri, malire ndi mimba.

Amuna ambiri anayamba kuchira mwakachetechete, wina lero wina mawa, popanda wofunsa kuti mwana ali kuti. Koma akabaza a pansi pa mkesha anakhalabe ndi mimba zawo, ndipo zinkakulirakulira. Yotamu naye sanamasule yake, poti Nachisale anali asanamasuke.

Tsiku linafika m'mawa wina kukuwaza kamvula. Mayi Nankhoma anabwera kudzayendera neti mothamanga, anatenga Nachisale pa galimoto ya chipatala, ndipo Yotamu anakhala pa khonde la chipatalacho pilo ali pamimba, akupemphera mapemphero onse amene ankawadziwa ndi ena ongopeka. Kawiri konse anakhalapo pa khonde lomwelo n'kubwerera kunyumba wopanda mawu. Dzuwa litakwera anamva kulira kwa mwana, kwaukali, kosapumira, ngati kwa munthu amene wasungidwa chinsinsi nthawi yaitali ndipo watopa nazo. Anali mwana wamkazi.

Yotamu anasungabe chinsinsicho masiku onse a chikuta, mayi ndi mwana ali m'nyumba monga mwa mwambo. Mchombo utagwa, Nachisale anamuitana, anamasula yekha zingwe za pilo uja, n'kumuuza kuti tsopano apite akanene, ndi pakamwa pake. Yotamu anasiya foni pa mpando, anakwera njinga yake yofiira koyamba patapita miyezi, n'kupalasa kupita kumsika akukhosomola njira yonse kuti anthu apatuke.

Ali m'njira mantha anamugwira. Anthu awa anawanamiza kwa miyezi, anadya tomato wawo, anapalasitsa anzake njinga yake. Atafika anakwera pa benchi ya siteji, mimba ili phwa, anavula chipewa, msika n'kukhala chete. Anapepesa kaye. Anati iye sanakhalepo ndi pathupi, zonse zija zinali nsanza. Woyembekezera anali mkazi wake Nachisale, ndipo wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino.

Kenaka Mayi Nasibeko anaika manja m'chiuno, dzino lagolide lili poyera.

"Nachisale? Anali woyembekezera? Inetu sindinadziwe."

Ogulitsa usipa anati nawonso sanadziwe. Ogulitsa nyama anati nkhaniyi yawadzidzimutsa kwambiri. A Gwaza anati m'mutu mwawo simunabweremo n'komwe ganizo lotero, ndipo ananena zimenezi akuyang'ana mtengo wa mkesha. Yotamu anayamba kumva kukoma kuti luso lake linagwiradi ntchito. Koma ali pa benchi pomwepo anaona Mayi Nasibeko akuwerama n'kutulutsa pansi pa tebulo lawo shawelo yoluka ndi manja, yaikulu, yoti munthu sangaimalize m'mwezi umodzi. Mayi wa usipa anatulutsa beseni latsopano. A Gwaza anamasula mabatani a malaya, anasolola mimba yawo n'kuimasula pa benchi, ndipo munalibe nsanza. Munali matewera opindidwa bwino ndi tizipewa ta mwana. Akabaza enawo anayamba kumasula zawo mmodzimmodzi, wina timasokosi, wina sopo, wina kabulangete, ndipo wina belu la njinga, loti mwana akagona kumbuyo bambo ake asamadzamudzutse ndi chifuwa.

Yotamu anayang'ana katunduyo, anayang'ana nkhope za anthu amene sanadziwe kanthu aja, ndipo anamvetsa. Anatsika pa benchi n'kukhala pansi, dazi lili m'manja, misozi ikugwera pa matewera. Pamwamba pawo chimkuzamawu chinali kunena za mnyamata wina wa ndolo, dzina labisidwa, amene amafunsa foni yake mmene angameretsere ndevu, koma palibe amene ankamvetsera. Mnyamata wogulitsa nyama anafuna kumudzutsa Yotamu, a Gwaza n'kumugwira mkono.

"Musiyeni alire," anatero. "Munthu wangochira kumene."